Mmene mungapezere nthabwala m'masewero achisoni a Literature

Ana ambiri a sukulu amawerenga Macbeth kapena Hamlet nkhope zili ndwii, poganiza kuti sewero la imfa silisekedwa. Chonsecho Shakespeare anaikamo nthabwala mwadala, ndipo wosaziona amaphonya mbali yaikulu ya tanthauzo.

Yambani n'kuona tsamba lenilenilo. Mafumu ndi akuluakulu amakonda kulankhula m'mizere ya ndakatulo. Mukaona mawu adzaza tsamba ngati nkhani wamba, kawirikawiri ndiye kuti walowa wantchito, chidakwa kapena wokumba manda. Chongani malowo ndi pensulo. Mu Macbeth ndi Act 2 Scene 3, mu Hamlet ndi Act 5 Scene 1.

Kenako muwerenge mokweza, chifukwa nthabwala za m'sewero sizimveka chamumtima. Pa gawo la Macbeth lija sankhani ana anayi: mlonda wa pachipata, Macduff, Lennox, ndi wina wogogoda desiki. Koma muyambire kumapeto kwa Scene 2, kuti kalasi yonse idziwe kuti mtembo wa Mfumu Duncan, amene Macbeth wangomupha kumene, uli m'nyumbamo ndipo magazi sanaume. Mlonda wadzuka ndi matsire, akudziyesa wotsegula chipata cha Gehena, nachedwa dala uku panja akugogodabe. Wogogodayo asafulumire, adikire mlonda amalize ganizo, kenako amudule. Ana adzaseka. Akatha kuseka, afunseni funso limodzi lokha: kodi mlondayu wanama? Apa m'pamene amazindikira kuti chidakwachi chanena zoona osadziwa, pakuti nyumbayo yasandukadi Gehena.

Gawo la kumanda mu Hamlet sife alendo nalo. Aliyense amene anapitako kumaliro ku manda a Chingwere ku Lusaka anaona adzukulu ndi achimbuya akuchita nthabwala pafupi ndi dzenje, achibale akulira chapomwepo, ndipo palibe amene amati n'chipongwe. Okumba manda awiri aja amatsutsana ngati maloya pa nkhani yakuti Ophelia, mtsikana amene Hamlet ankamukonda ndipo akumuganizira kuti anadzimiza, ayenera kuikidwa mwachikhristu kapena ayi, n'kugwirizana kuti akanakhala mwana wa mmphawi sakanamuika mwachikhristu. Hamlet akubwezerana mawu ndi mmodzi wa iwo osadziwa kuti mandawo ndi a Ophelia. Omvera akudziwa, iye ayi. Kuseka ndi ululu zikuchokera pamalo amodzi. Chigaza chimene Hamlet wanyamula n'cha Yorick, woseketsa mfumu, amene wagona m'nthaka zaka 23.

Ngati mukuphunzira Antigone wa Sophocles, yang'anani msilikali wobweretsa uthenga kwa Mfumu Creon: amazungulira, kudziteteza asananene n'komwe chimene chachitika.

Zolakwika zofala n'ziwiri. Choyamba ndi kuwonjeza: mwana akayamba kudzandira ndi kugwera pamadesiki, kalasi imaseka iyeyo, mawu a mlonda osamvekanso. Muuzeni aime chilili, matsire amveke m'mawu okha. Chachiwiri chimaoneka pa mayeso, pomwe ambiri amangolemba kuti gawolo ndi lopumitsa omvera, basi. Yankho lotere n'lopanda mnofu. Lembani zinthu zitatu: chimene changochitika nthabwala isanabwere, choonadi chimene woseketsayo waulula chomwe akuluakulu sangachitchule, ndi chimene chikutsatira. Mu Macbeth chotsatiracho ndi Macduff kupeza mtembo wa mfumu, patangopita kanthawi kochepa mlonda atamutsegulira.