Mukufuna kukhala katswiri wa mbiri ya nyanja ndi chilengedwe cha ku Japan? Nayi njira yake

Yambani ndi chilankhulo, apa palibe kuchitira mwina. Ambiri amaganiza kuti akakhoza mayeso a Chijapani a JLPT mpaka kufika N1, gawo lapamwamba kwambiri, ndiye kuti zatheka, koma ayi ndithu, N1 ingokuthandizani kuwerenga nyuzi ndi mabuku a masiku ano basi. Zikalata za nthawi ya ulamuliro wa Tokugawa, 1603 mpaka 1868, zinalembedwa pamanja m'kalembedwe kopiringizika kotchedwa kuzushiji, komwe ngakhale eni ake Ajapani ambiri lero sakutha kuwerenga. Mukatsegula kaundula wa mwini chombo mupeza zilembo zangogwirana kuchoka pamwamba mpaka pansi, ndipo liwu loti soro lomwe limatseka pafupifupi chiganizo chilichonse nthawi zina ndi kadontho chabe. Pali apu yotchedwa miwo yomwe imayesa kuzindikira zilembozi mukajambula pa foni, imathandiza koma imaphonyanso, ndiye musaidalire kwambiri. Bola kulowa gulu la Minna de Honkoku pa intaneti, komwe anthu amathandizana kukopera zikalata zakale, maso azizolowera tsiku ndi tsiku. Amene angapeze mwayi, ku Yokohama kuli sukulu ya IUC yomwe imaphunzitsa Chijapani chozama kwa miyezi 10.

Kenako mutu wa kafukufuku. Apa ndi pomwe ambiri amasochera, munthu kulemba kuti akufuna kufufuza "ubale wa Japan ndi nyanja", eeh, pulofesa angowerenga mzere woyamba n'kutseka imelo. Sankhani doko limodzi, mtsinje umodzi, kapena nsomba imodzi, n'kuitsatira mpaka komwe ikupita. Tengani nsomba ya nishin ya ku Hokkaido mwachitsanzo. Ankaiphika n'kuifinya mafuta, zotsalazo n'kuyanika kukhala feteleza, zombo zamalonda zotchedwa kitamaebune n'kunyamula kudzera Nyanja ya Japan mpaka ku Osaka komwe alimi a thonje ankagula, ndipo pa ntchito yowawayi anthu a mtundu wa Ainu, eni nthaka a ku Hokkaido, ankagwiritsidwa mokakamiza. Nsomba imodzi yomweyi yakupatsani nkhani ya ulimi, malonda, utsamunda komanso kutha kwa nsomba m'nyanja. Nkhani ina ndi ya kusaka anangumi ku tauni ya Taiji, kapena mgodi wa kopa wa Ashio womwe unawononga mtsinje wa Watarase mpaka wandale Tanaka Shozo anakayesa kupereka dandaulo kwa mfumu Meiji pamsewu mu 1901. Za matenda a Minamata, omwe anadziwika mu 1956 ndipo ankayamba chifukwa cha chiphe cha mekyule wa fakitale ya Chisso, zalembedwa kale zambirimbiri, ndiye mukalowako mukhale ndi funso lomwe ena sanafunse.

Za ndalama tsono. Sikolashipu ya boma la Japan ya MEXT imadzera ku embasi kapena ku yunivesite yomwe yakulandirani, imalipira fizi ndi tiketi ya ndege, ndipo wa PhD amalandira cha m'ma 145,000 yen pamwezi. Ku Tokyo ndalama imeneyi ndi yongokwanira, osati yosangalalira. Ambiri amayamba ngati kenkyusei, wophunzira wongofufuza wosawerengeredwa digiri, kenako n'kulemba mayeso olowera masitazi kapena PhD. Chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo, ena amalowa mu Okutobala. Chofunika kuposa dzina la yunivesite ndi pulofesa wokuyang'anirani, chifukwa moyo wanu wonse ukhala mu zemi yake, kagulu kokumana sabata ndi sabata kuwerenga zikalata limodzi. Muwerenge kaye zomwe analemba musanamulembere. Ena amachitira PhD yawo ku America kapena ku Ulaya n'kupita ku Japan chaka chimodzi ndi thandizo la Japan Foundation, njira imeneyinso ndi yabwinobwino.

Musadikire kufika ku Japan kuti muyambe kufufuza. National Diet Library, laibulale yaikulu ya dziko la Japan, ili ndi mabuku akale ochuluka pa intaneti, ndipo JACAR, nkhokwe ya zikalata ya pa intaneti, ili ndi zikalata za boma kuyambira nthawi ya mfumu Meiji, zaulere. Koma zenizeni za asodzi zili m'malo ang'onoang'ono, m'nkhokwe za zikalata za m'zigawo, ku Kanagawa University komwe nthambi ya kafukufuku ya Jomin Bunka Kenkyujo imasunga zolembedwa za midzi ya asodzi, ndipo zina zikadali m'manja mwa mabanja, m'mabokosi omwe sanatsegulidwe kalekale. Kumeneko simungangofika ngati mvula. Mutenge kalata yokudziwitsani kuchokera kwa pulofesa, makadi olembedwa dzina lanu ndi ntchito yanu otchedwa meishi, musambe m'manja, muvule wotchi ndi mphete, mulembe ndi pensulo yokha, ndipo mufunse kaye musanajambule. Mukasindikiza nkhani yanu muwatumizire kope, anthuwa saiwala.

Muphunzireko pang'ono sayansi, mudziwe momwe madzi ofunda oyenda m'nyanja otchedwa Kuroshio amayendera, momwe nsomba zimaswanirana, apo ayi muzingobwereza zomwe mkulu wa boma analemba osadziwa ngati zinali zoona. Ku Kyoto kuli bungwe la kafukufuku wa chilengedwe la RIHN komwe a mbiri ndi a sayansi amagwira ntchito pamodzi.

Ntchito yake ndi yosowa, tisanamizane. Mukamaliza PhD pemphani felo, thandizo la ndalama zochitira kafukufuku, ku bungwe la Japan la JSPS, ya alendo imatenga chaka chimodzi mpaka ziwiri, muzisuzumira pa tsamba la intaneti la JREC-IN pomwe mayunivesite a ku Japan amalengeza ntchito, ndipo muzikaonekera ku misonkhano ngati wa Association for Asian Studies. Ambiri amayamba ndi uphunzitsi waganyu, hijokin, kuthamanga mayunivesite angapo pa sabata. Kawirikawiri salengeza kuti akufuna wa mbiri ya nyanja ya Japan yeniyeniyo, amafuna woti aphunzitse mbiri ya kum'mawa kwa Asia, ya Pacific kapena ya chilengedwe cha dziko lonse lapansi, ndiye mukonzeretu masilabasi amenewa mukadali pa PhD, komanso nkhani imodzi yosindikizidwa mu Chijapani ikhalepo pa CV yanu.