Mmene ndinathetsera vuto la ma character sheet pa gemu yathu

Loweruka lililonse timakumana kwa mnzathu ku Area 25 kusewera Dungeons & Dragons, gemu yomwe aliyense amasewera ngati munthu wa munkhani (character), anthu asanu, dayisi pa mphasa. Vuto linali ma character sheet, pomwe pamalembedwa zonse za character wa aliyense. Tonse tinkagwiritsa D&D Beyond, webusaiti yopangira ma character, ndi yabwino zedi, imakuwerengera yokha ma hit points (mphamvu za moyo wa character) ndi ma spell (matsenga), koma popanga character imafuna intaneti, komanso akaunti yaulere imalola ma character 6 basi. Ndiye tsiku lina bandulo yanga inatha tili mkati mokweza level, magetsi nawonso anali atathima, tinangokhala kuyang'anana ngati tikudikira minibasi ya mtauni.

Ndinayesa app ina yopangira ma character yotchedwa Pathbuilder, pa foni imayenda bwino koma ndi ya Pathfinder, si gemu yathu. Kenako ndinayika pulogalamu ina yotchedwa PCGen pa laputopu. Maonekedwe ake ndi akale heavy, poyamba inandizunguza mutu, koma ndi yaulere ndipo ukangoyika sifunanso netiweki. Ndinalowetsa ma character onse asanu, kuwatulutsa mu PDF, kukapulintitsa pa ka shopu ka mu Area 18. Pano aliyense ali ndi pepala lake ndi pensulo, hit points zikatsika amangofufuta ndi labala, moti pepala la wizard wathu labowoka kale pakona.