Kuwerenga chigamulo cha Obergefell popanda kusochera

Mukafuna kumvetsa mkangano wa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ku America, musayambe ndi ndemanga za pa Facebook. Tsegulani chigamulo chenichenicho cha khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, Obergefell v. Hodges, cha pa 26 June 2015.

Ine ndimayamba ndi nkhani ya munthuyo. Jim Obergefell anamanga ukwati ndi John Arthur m'chigawo cha Maryland mu 2013, mnzakeyo akudwala mwakayakaya. Iye ankafuna kuti boma la chigawo chakwawo cha Ohio limulembe pa chikalata cha imfa ngati mwamuna wa malemuyo, koma malamulo a kumeneko ankakana.

Kenako werengani zomwe analemba woweruza Anthony Kennedy m'malo mwa oweruza 5 omwe anathetsa malamulo oletsa maukwatiwa. Musalumphe 4 otsutsawo, makamaka John Roberts, yemwe anati nkhaniyi inayenera kusiyidwa m'manja mwa ovota. Kunena zoona, mbali imeneyi ndiyo inandichedwetsa kwambiri.

Pomaliza onani lamulo la Respect for Marriage Act la 2022. Apa ambiri amaphonya: silikakamiza chigawo chilichonse kumangitsa maukwatiwa, limangoti chilemekeze omwe anamangidwa kale mwalamulo kwina.