Momwe mungagwiritsire ntchito mawu a Chingerezi akuti "ship"

Ife timangoti sitima, kaya ndi ya pamadzi kaya ya panjanji, ndipo timamvana. Dzinali lidachokera ku "steamer", zombo zoyendera nthunzi zija. Chingerezi chimasiyanitsa: ya panjanji ndi "train", ya pamadzi ndi "ship". Zimandiwawa kuona mwana akutaya malikisi pa mayeso chifukwa cha kanthu kotere, choncho tiyeni tikonze.

Yambani ndi katchulidwe. Mawuwa atchuleni mwachidule. Mukangokoka pakati, mwanena "sheep", yomwe ndi nkhosa.

Kenaka phunzirani kusiyanitsa "ship" ndi "boat", pakuti apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Amalinyero ali ndi lamulo lawo losavuta: "ship" imatha kunyamula "boat", koma "boat" singanyamule "ship". Amene adakwerapo Ilala adaziona ndi maso. Ikafika malo opanda doko monga Usisya, imaima patali ndi gombe, ogwira ntchito n'kutsitsa maboti omwe amakhala atapachikidwa m'mbali mwake. Anthu amatsikiramo ndi matumba a ufa, malata ndi ana kumsana, mafunde akuwakankha. Chachikulu chija ndiye "ship", timaboti tija ndi "boat". Bwato logoba la asodzi a usipa limatchedwa "canoe". Lamuloli lili ndi pothawira pamodzi podziwika: sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi amazitcha "boat" ngakhale zikule bwanji.

Mukamalemba dzina la chombo, yang'anani zilembo za kutsogolo. MV akuimira "motor vessel", chombo cha injini, monga MV Ilala yomwe idapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. SS ndi "steamship", cha nthunzi. Musadabwenso mukamva kaputeni akuchitchula chombo kuti "she" ngati mkazi. Ndi mwambo wakale wa apanyanja, ngakhale "it" sikulakwa.

Tsopano samalani kwambiri ngati mumaitanitsa katundu kunja. "Ship" ndi mneninso, kutanthauza kutumiza katundu. Wogulitsa pa intaneti akakulemberani kuti "shipped", sakunena kuti foni yanu ili pamadzi ayi. Akungoti yanyamuka, mwina pa ndege, mwina pa lole. "Shipping" ndi katumizidwe kapena mtengo wake, ndipo "shipment" ndi katunduyo. Musanalipire funsani njira yomwe adzere. Galimoto yochokera ku Japan imadzeradi pamadzi mpaka Dar es Salaam, koma kuchoka apo kufika pa Songwe ndi ulendo wapamsewu wokhala ndi mtengo wakewake.

Mukakumana ndi "friendship", "leadership" kapena "scholarship", musafunemo chombo. Kachidutswa ka kumapetoko kali ndi gwero lina, ndipo kamasonyeza mkhalidwe kapena udindo. Anthu a pa intaneti adadula "relationship" n'kutsala ndi "ship", ndiye akati akuchita "ship" anthu awiri, akutanthauza kuti akulakalaka awiriwo atakhala pa chibwenzi. Mawu amenewa ndi ocheza nawo, musawalembe m'kalata yofunsira ntchito kapena pa mayeso a MSCE.