Momwe mungakonzere khola la dothi lamoyo la kangaude wa tarantula

Amene amasunga akangaude akuluakulu aubweya otchedwa tarantula aonapo zithunzi za makola agalasi ooneka ngati kankhalango: ndere zobiriwira, timitengo, masamba ouma pansi, kangaude ataima pa khungwa. Eni ake amati khola lotere ndi bioactive, kutanthauza kuti dothi lake ndi lamoyo. Muli zomera zenizeni ndi tizilombo ting'onoting'ono todya ndowe, zotsalira za chakudya ndi chuku, moti dothi silisinthidwa kwa zaka. Njirayi inatchuka pakati pa osunga tiachule tapoizoni ta m'nkhalango za ku Central America ndi South America, timene timafuna chinyezi usana ndi usiku, ndipo kwa tiachuleto ndi yabwino zedi.

Kwa tarantula nkhani yake ndi ina. Ineyo ndimaona kuti khola lamoyo limasangalatsa mwini kuposa kangaude. Nyamayi siichita uve kwenikweni. Yaikulu imadya kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, nthawi zina imakana chakudya kwa miyezi, ndipo ikadya imasiya kambulu kamodzi ka zotsalira kamene mungatole ndi kopanira. Komabe ilipo mitundu ina imene imakhala bwino m'khola lotere, bola mulikonze motsatira kangaudeyo.

Yambani ndi kufunsa kwawo kwa kangaude wanu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa mitundu ya tarantula imaposa 1,000 ndipo imachokera m'malo osiyana kwambiri. Zomera ndi tizilombo toyeretsa timafuna dothi lonyowa. Ngati kangaude wanu amadana ndi chinyezi, awiriwa sangagwirizane.

Grammostola rosea, amene anthu ambiri amayambira kusunga, kwawo ndi madera ouma a kumpoto kwa Chile. Mukamuika pa dothi lonyowa amakwera galasi n'kumakana kutsika, kapena amaima pamwamba pa chinthu chilichonse chouma chimene wachipeza. Chromatopelma cyaneopubescens, wa miyendo yabuluu uja, amachokera ku Paraguaná ku Venezuela, dera la minga ndi zitsamba zouma, ndipo kuwonjezera apo amayala ulusi pachilichonse mpaka chomera kusowa kuwala. Akangaude a kuno ku Africa a mitundu ya Pterinochilus ndi Ceratogyrus, amene amakumba mauna m'tchire la m'maiko ngati Zimbabwe ndi Mozambique, nawonso amakonda pouma ndi kambale ka madzi basi. Kwa onsewa, musadzivute. Dothi louma, pobisala ndi madzi akumwa zakwana.

Amene angapindule ndi a m'nkhalango za mvula. Theraphosa blondi wa kumpoto kwa South America, amene miyendo yake ikatambasuka imafika pafupifupi masentimita 30, amafuna dothi lakuya lonyowa chaka chonse, ndipo m'dothi lotero chuku sichichedwa kumera. Tizilombo todya chuku timathandizadi pamenepo. Tliltocatl albopilosus wa ku Nicaragua ndi Costa Rica ndi wopirira, amalolera kachinyezi pang'ono. Okhala m'mitengo, monga Caribena versicolor wa pachilumba cha Martinique, ndiwo amasiya zomera mumtendere chifukwa satsika pansi kawirikawiri.

Kangaude wamng'ono wongoswedwa kumene musamuyese n'komwe. Malo ake ndi kabotolo kakang'ono komwe mungamuone tsiku lililonse n'kudziwa ngati wadya.

Ndipatukeko pang'ono. Musakafukule kangaude kutchire kuti mudzaze khola lanu. Ku South Africa mitundu ya Ceratogyrus, Harpactira ndi Pterinochilus ndi yotetezedwa ndi lamulo ndipo kuisunga kumafuna chilolezo. Mitundu ya Brachypelma ya ku Mexico ili pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo ya Poecilotheria ya ku India ndi Sri Lanka inawonjezedwa pamenepo mu 2019. Ku Malawi, kafunseni kaye ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi malo otetezedwa musanaitanitse kapena kusunga nyama yotere.

Khola ndi mpweya

Tarantula amapumira m'timapapo tinayi tokhala kunsi kwa mimba, pafupi ndi dothi. Mpweya wonyowa wosayenda umamupha mwakachetechete, ndipo akangaude a m'mitengo ambiri afera m'makola otsekedwa amene eni ake ankathira madzi tsiku ndi tsiku pofuna chinyezi. Choncho boolani timabowo m'mbali ziwiri zoyang'anizana, tina pafupi ndi dothi, tina pamwamba, kuti mphepo izidutsa. Chivindikiro cha sefa yawaya chipeweni, chifukwa tizikhadabo ta kumapazi timakodwamo, kangaude n'kulendewera kapena kuthothoka mwendo.

Kwa wokhala pansi, mpata wochoka pa dothi kufika pa chivindikiro usapitirire utali wa miyendo yake yotambasuka kamodzi ndi theka. Mimba yake ndi yofewa ngati dzira lopanda chikamba. Akagwa kuchokera pamwamba n'kugwera pamwala, imaphulika, ndipo palibe chochita. Miyala yakuthwa yokongoletsa musaikemo.

Kusakaniza dothi

Osunga achule amayamba ndi timipira ta dongo lootcha totchedwa LECA pansi penipeni, kenako kaneti, kenako dothi, kuti madzi otsala azitsikira pansi. Kwa tarantula wokumba ine sindiyika zimenezi. Adzakumba mpaka kufika pa netiyo, n'kuing'amba kapena kukodwamo, ndipo madzi okhazikika pansi amanyowetsa una wake. Kuli bwino kuthira madzi ochepa kusiyana ndi kukonza pothawira madzi ochuluka. Kwa wa m'mitengo mukhoza kuika.

Sakanizani dothi lapamwamba lopanda feteleza ndi mankhwala, ulusi wa makoko a kokonati, mchenga pang'ono, ndere zouma za sphagnum zoduladula ndi makala osinja a nkhuni wamba. Makoko a kokonati okha sakwanira, mulibe chakudya cha zomera ndipo una umagumuka akauma. Poyesa, finyani dothilo m'dzanja: liumbike koma lisadonthe madzi. Litsindireni bwino. Wokumba mumupatse masentimita 15 mpaka 20, wamkulu kuposa pamenepo.

Pamwamba yalani masamba ouma ambiri, chifukwa ndiwo chakudya chenicheni cha tizilombo toyeretsa. Amene muli ku Britain mugwiritse ntchito a oak, kwathu kuno a mango amene sanapoperedwe mankhwala amachita bwino. Awiritseni kaye n'kuwaumitsa. Chimodzimodzi makungwa ndi tizipika totola kunja, muziwotche pang'ono mu uvuni kapena kuziwiritsa, apo ayi mulowetsa chiswe, nyerere, nthata ngakhale kankalizi kamene kadzakula n'kudya kangaude wanu. Paini, mkungudza ndi bulugamu zili ndi mafuta afungo osayenera m'khola la kangaude.

Tizilombo toyeretsa

Pano muchite mosamala kwambiri, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa.

Toyamba ndi ma springtail, tizilombo toyera tating'ono ngati mutu wa singano timene timadumpha mukatikhudza. Timadya chuku ndi zowola, sitiluma kanthu kamoyo. Kuweta kwake n'kosavuta: kontena yokhala ndi makala ndi madzi pang'ono pansi, muziponyamo timbewu tingapo ta mpunga wosaphika, pakatha masabata ochepa tachulukana. Kwa tarantula, ma springtail okha akwanira. Ngakhale m'khola wamba la kangaude wa chinyezi, lopanda chomera chilichonse, ndi bwino kuwathiramo.

Achiwiri ndi ma isopod, tizilombo totuwa timene mumatipeza pansi pa chipika chonyowa, tina todzipinda ngati kampira. Ndi abale a nkhanu, ndipo amakonda nyama. Vuto lake limabwera pa nthawi yofundula. Tarantula akamafundula amagona chagada kwa maola ambiri osatha kudziteteza, ndipo akatuluka m'chikopa chakale thupi lake limakhala lofewa, mano ake oyera, kwa masiku angapo. Ma isopod akuluakulu obereka msanga, monga Porcellio laevis, akhoza kumuyamba kudya ali moyo. Amenewa musawaike ngakhale wogulitsa atakukakamizani. Toyera tating'ono ta Trichorhina tomentosa anthu ambiri amatikhulupirira, koma nato timachulukana koopsa m'dothi lofunda lonyowa. Kangaude wamkazi wa mtundu ngati Brachypelma amatha kukhala zaka zoposa 20. Ine sindingaike moyo wautali chotero pachiswe chifukwa chofuna kupewa kutola kambulu kamodzi pa sabata.

Zomera

Sankhani zolimba zolola mthunzi. Pothos, chomera choyanga chimene chili m'nyumba ndi m'maofesi ambiri, ndiye choyamba. Zogula ku nazale zimabwera ndi feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo, choncho sasani dothi lonse, tsukani mizu ndi masamba bwinobwino, muzisunge padera kwa masabata angapo. Zaminga ayi.

Dzalani m'mbali, kutali ndi pobisala, ndipo konzekerani kuti kangaude adzazula zina kapena kuzikwirira. Akatero musamusokoneze pobwezeretsa, khola ndi lake. Zomera zimafuna kuwala pamene tarantula amathawa kuwala, ndiye ikani nyale ya LED yosatentha masana okha, ndipo pobisala pakhale pamdima weniweni. Pazenera pofika dzuwa musaike, galasi limatentha msanga, makamaka mu Okutobala.

Dikirani, kenako lowetsani

Mukamaliza, khola likhale lopanda kangaude kwa mwezi wathunthu kapena kuposa. M'masabata oyamba mudzaona chuku choyera pa makungwa. Musachite mantha, ma springtail adzachidya. Mizu igwire, ndipo inuyo muphunzire kuti dothi limauma msanga bwanji.

Pothirira, thirani pakona imodzi madzi atsike pansi, mbali inayo ikhale youmirapo kuti kangaude asankhe yekha. Osamupopera madzi pathupi. Kambale ka madzi kazikhala kodzaza nthawi zonse.

Pa chakudya, perekani mphemvu kapena nkhululu imodzi n'kuonetsetsa kuti wagwira. M'khola la masamba ambiri chakudya chamoyo chimabisala, ndipo nkhululu yotsala imaluma kangaude wofundula. Chimene sanadye pofika mawa lake chichotseni. Akafundula, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri mano ade musanamupatse kanthu. Zotsalira zazikulu muzitolabe. Ngati mukusunga wa ku Africa kapena ku Asia, amene ndi othamanga ndipo ululu wawo ndi waukulu, musalowetse dzanja m'zitsamba musanaone pamene ali, gwiritsani ntchito chopanira chachitali.

Kwathu kuno pali adani awiri amene mabuku akunja sawatchula kawirikawiri. Woyamba ndi mankhwala a udzudzu. Opopera m'nyumba, makoyilo ofukiza ndi mankhwala opopera pakhoma pothana ndi malungo amapha kangaude pamodzi ndi tizilombo tonse ta m'dothi. Malungo musasiye kudziteteza, koma khola likhale m'chipinda china chimene simupoperamo. Wachiwiri ndi nyerere, makamaka linthumbu nthawi ya dzinja, limene likhoza kumaliza zonse usiku umodzi. Miyendo ya tebulo muiimike m'timbale ta madzi.

Nanga nyama zina?

Tiachule tapoizoni tija ndiye eni ake a njirayi. Nalimata wa ku New Caledonia wotchedwa crested gecko, amene anthu ankayesa kuti anatha mpaka pamene anapezekanso mu 1994, amakhala bwino kwambiri m'khola lamoyo lalitali: amakwera zomera, amanyambita madontho pa masamba, ndowe zake n'zazing'ono. Kwa iye ma isopod alibe vuto, ena amawadya n'kuwadya. Abuluzi a m'madera ouma monga leopard gecko zimatheka, koma pamafunika timalo tonyowa pansi pa makungwa pomwe tizilombo tingathawire.

Njoka yaikulu ndi ina. Nsato ya ball python ya ku West Africa imathyola zomera zofewa ndi kulemera kwake, ndipo ndowe zake n'zochuluka moti tizilombo sitingamalize zisananunkhe, mudzatolabe ndi manja. Nyama iliyonse yongofika kumene kapena yodwala iyambe yakhala pa mapepala oyera m'khola wamba kwa miyezi iwiri kapena itatu, kuti muone ndowe zake ndi nthata ngati zilipo. Nthata za njoka zikalowa m'dothi lamoyo, mankhwala ozipha amaphanso ma springtail ndi ma isopod, ndipo kawirikawiri mumataya dothi lonse n'kuyambiranso.