Malangizo Okhudza Zothira mu Zakudya za M'mapaketi

Malangizo awa awamasulira kuno ku Mchinji pofuna kuthandiza amalonda a ku Chipata amene amadutsa pa chipata cha m'malire cha Mwami ndi zakudya za m'mapaketi ndi m'mabotolo. Liwu limene lavuta kwambiri pomasulira ndi la Chingerezi lakuti additives. Ambiri amangoti mankhwala, koma munthu akamva zakuti m'chakudya muli mankhwala amaganiza za kuchipatala kapena za poizoni, choncho pano tikuti zothira, kutanthauza zinthu zimene sizidyedwa pazokha koma zimaikidwa dala m'chakudya pochikonza.

Chothira chimaloledwa pokhapokha ngati chili ndi ntchito yake, ndipo sichiyenera kubisa kuti chakudya chawonongeka kapena kunyenga wogula. Zina zimateteza chakudya kuti chisasase kapena kuchita nkhungu, monga sodium benzoate wa mu zakumwa ndi sodium nitrite wa mu soseji. Zina zimaletsa mafuta kuyamba fungo, ndipo zina ndi zopatsa chakudya mtundu (utoto) ndi kukoma chabe.

Muyezo umene mayiko ambiri amatsatira ndi wa Codex Alimentarius, umene mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi ulimi (FAO) ndi za umoyo (WHO) adakhazikitsa mu 1963. Ku Zambia kuli lamulo la Food Safety Act la 2019 ndi bungwe loona za miyezo ya katundu la Zambia Bureau of Standards, pamene kuno ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Chothira chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo pa katundu wina nambalayo imayamba ndi E. Za mtundu zimayambira pa 100, monga tartrazine wachikasu amene ndi 102, pamene zoteteza kuwonongeka zimayambira pa 200.

Pamene pafunika kumvetsetsa bwino ndi pa mlingo. Akatswiri amaika kuchuluka kwa chothira kumene munthu angadye tsiku lililonse moyo wake wonse osavulala, ndipo amawerengera potengera kulemera kwa thupi. Mlingo wa aspartame, chotsekemera cha nambala 951, ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kotero kuti munthu wa makilogalamu 60 asapyole mamiligalamu 2,400 pa tsiku, pamene mwana wa makilogalamu 20 malire ake ndi 800 okha. Chikalata choyambirira chimene tamasulirachi sichikunena izi, koma amene amasungunula juwisi kunyumba n'kumagulitsa pamsika asamathire sodium benzoate kapena utoto ndi supuni mongoyerekeza ndi maso, chifukwa ogula ambiri a zakumwa zoterezi ndi ana a sukulu. Sikelo yaing'ono yoyeza magalamu ndi yofunika pa ntchito imeneyi.

Pa paketi, zinthu zopangira chakudya zimalembedwa motsatira kuchuluka kwake, kuyambira chochuluka koposa. Odwala mphumu ayang'ane manambala oyambira 220 mpaka 228, amene ndi ma sulphite, popeza kwa ena amatsekereza chifuwa, ndipo odwala matenda obadwa nawo a phenylketonuria apewe aspartame.

Chizolowezi chogula thumba lalikulu la ufa wa juwisi kapena zokometsera ndiwo n'kugawa m'timapepala tosalembedwa kanthu chimachotsa machenjezo onsewa pamodzi ndi tsiku lotha ntchito. Wogulitsa amene amachita zimenezi asunge thumba loyambalo pa benchi pake, kuti wogula kapena woyendera zaumoyo akafunsa athe kudziwerengera yekha.