Kuphunzitsa mwana pakhomo kuno ku Joni: zimene boma la Gauteng limafuna

Makolo ambiri achimalawi kuno ku Johannesburg amasokoneza zinthu ziwiri: kuphunzitsa mwana pakhomo mwa kufuna kwanu, ndi kuthandiza mwana wodwala amene sangathe kupita kusukulu kwa kanthawi. Njira zake n'zosiyana, ndipo mukazisakaniza mwana angataye malo ake kusukulu.

Tiyambe ndi choyambacho. Lamulo la South African Schools Act la 1996, limene linasinthidwa ndi lamulo la BELA mu 2024, limati mwana aliyense aphunzire kuyambira Giredi R (kalasi yokonzekera Giredi 1) mpaka kumapeto kwa chaka chimene akwanitse zaka 15, kapena atamaliza Giredi 9 ngati wafikako msanga. Gawo 51 la lamuloli limalola kumuphunzitsa pakhomo, koma pokhapokha mutamulembetsa kwa mkulu wa Gauteng Department of Education. Kholo lomusunga mwana pakhomo osalembetsa likhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka miyezi 12.

Kulembetsako n'kwaulere. Pamodzi ndi fomu, amafuna kope la chiphaso chanu, satifiketi ya kubadwa ya mwana, lipoti lomaliza la kusukulu ngati anali atayamba kale, ndi ndondomeko ya zimene muzimuphunzitsa. Kwa ife obwera, onjezani makope a pasipoti ndi pemiti, kaya ya ntchito, ya maphunziro kapena pepala la asayilamu. Makopewo akadindidwe kupolisi, kumene salipiritsa. Samalani ndi taimutebo: musangolemba kuti "tiziphunzira m'mawa". Onetsani maola a tsiku lililonse, phunziro ndi phunziro, komanso mmene mwagawira matemu a chaka chonse. Poyerekeza, silabasi ya boma ya CAPS imapatsa Giredi R mpaka 2 maola 23 pa sabata, Giredi 3 maola 25, ndipo Giredi 4 mpaka 9 maola 27 ndi theka. Simukakamizidwa kutsata CAPS ndendende, koma zimene mukuphunzitsa zisachepere pamenepo.

Sungani umboni wa tsiku limene munapereka mafomu. Pakadutsa masiku 60 osayankhidwa, lamulo limatenga kuti mwanayo walembetsedwa. Akakukanani, muli ndi ufulu wokadandaula kwa MEC wa maphunziro, amene ali ngati nduna ya maphunziro m'chigawo cha Gauteng. Ndipo mwana musamuchotse kusukulu nkhaniyi isanathe.

Ntchito yeniyeni imayamba mukavomerezedwa. Khalani ndi kaundula wa masiku amene mwana waphunzira, fayilo ya ntchito zake zolembedwa madeti, ndi zotsatira za mayeso a chaka chilichonse. Kumapeto kwa Giredi 3, 6 ndi 9 mwana ayenera kuyesedwa ndi munthu wovomerezeka pa ntchitoyi, pa ndalama zanu, ndipo lipoti lake lipite ku dipatimenti. Fayilo imeneyi ndi imene idzamulankhulire mwana tsiku limene mudzafune kumubwezera kusukulu, kaya kuno kaya kumudzi. Popanda iyo, sukulu ilibe poyambira pomuikira kalasi. Chichewa musachisiye pakhomo, ndi chuma chake, koma dziwani kuti sichili m'gulu la zilankhulo za CAPS, choncho Chingerezi ndi chilankhulo china cha kuno monga Chizulu kapena Chiafrikaans zikhale pa taimutebo.

Apa tichenjeze mwamphamvu. Kuphunzira pakhomo kumatanthauza kuti kholo ndi limene lasenza udindo, ndipo mwana akuphunzirira kwawo. Mukhoza kulemba mphunzitsi wothandiza maphunziro ena, inde. Koma kusonkhanitsa ana a mabanja angapo m'fulati ya munthu tsiku ndi tsiku, n'kumalipira mwezi uliwonse, imeneyo ndi sukulu yosalembetsedwa, ngakhale mwini wake aziitcha homeschool. Malipoti ake sukulu zina zikhoza kuwakana, zaka za mwana n'kupita pachabe. Ambiri amathawira kumeneko chifukwa mwana alibe mapepala. Komatu mu 2019 khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana wopanda mapepala asakanizidwe sukulu ya boma. Sukulu ikavuta, pitani ku ofesi ya distirikiti yanu: Johannesburg Central, East, North, South kapena West.

Kuyambira Giredi 10 simulembetsanso ku dipatimenti, koma matiriki, mayeso a Giredi 12, salembedwa pakhonde. Mwana alowe kudzera ku bungwe lophunzitsa limene lili pansi pa SACAI kapena IEB, mabungwe oyendetsa mayeso a matiriki amene si a boma, ndipo muyambe ku Giredi 10 komweko, osadikira chaka chomaliza.

Tsono za mwana wodwala. Ameneyu musamuchotse m'kaundula wa sukulu yake. Perekani kalata ya dokotala kwa ahedi msanga, chifukwa mwana akajomba masiku 10 otsatizana popanda chifukwa chomveka, dzina lake limafafanizidwa. Kalatayo inene nthawi imene akuyembekezeka kukhala pakhomo. Pemphani kuti nkhani yake ikambidwe ndi komiti ya pasukulu yotchedwa School-Based Support Team, imene malinga ndi ndondomeko ya boma ya 2014 yothandizira ana ofunika thandizo lapadera, yotchedwa SIAS, imakonza thandizo, ndipo ikalephera imatumiza nkhaniyo ku distirikiti. Gwirizanani ndi aphunzitsi tsiku lotenga ndi kubweza ntchito sabata iliyonse, ndiponso mmene mayeso amene waphonya adzalembedwere, ndipo zonsezi zikhale zolembedwa. Ngati wagonekedwa nthawi yaitali ku Charlotte Maxeke kapena ku Chris Hani Baragwanath, funsani anamwino za sukulu ya m'chipatala, pakuti zipatala ziwirizi zili ndi aphunzitsi ophunzitsa ana ogonekedwa. Potuluka, tengani lipoti la zimene waphunzira kumeneko mukapereke kusukulu yake.